Simenti Yokana Kuuma

Lolemba

Amayi akadali m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha. Anaterereka m'khitchini sabata yathayi akutsuka mpunga. Timadzi pang'ono tokha tinadonthera pansi, basi, mayi wanga chagada! Adokotala akuti atuluka Lamulungu.

Achimwene aimba m'mawa uno kuchokera ku Lilongwe. Moni wake wachidule ngati wa pa rodibuloko. Akuti: "Ndikubwera Lamulungu. Ndikapeza pansipo pakadali poterera, Amayi ndikuwatenga azidzakhala kuno. Iweyo walephera."

Ndalephera ine?

Matailosi amenewa anagula ndani? Iwo omwewo! Oyera, onyezimira, oti munthu n'kumadziyang'anirapo nkhope posesa. Anabwera nawo okha pa galimoto, natiimika pamenepo n'kutijambula, chithunzi n'kutumiza kwa abale onse mpaka a ku Joni. Chiyambire tsiku limenelo m'khitchini timayendamo monyang'ama ngati tabwera kudzaba. Koma zimenezi sindinganene. Iwo ndiwo mwini mbumba, mawu awo ndi omaliza. Ndangoti, "Ndamva, achimwene." Foni ndaiponya pa bedi, pofewa, poti ina ndilibe.

Asanadule awonjezera kuti: "Koma matailosi angawo asasweke."

Ndiye pansi pasaterere, matailosi asasweke. Chabwino. Tingowakwirira amoyo.

Ndaitana a Saidi, mmisiri uja anamanga khonde la kutchalitchi kwathu osaphonya Swala ya kumzikiti ngakhale imodzi. Agogoda pansi ndi chigwiriro cha hamala, khutu atatchera. Akuti: "Zimatheka, achemwali. Tiyala simenti pamwamba pa akalewa, kenako matailosi okhakhala. Lachinayi muzivinapo, Insha Allah."

Zofunika:
- simenti
- mchenga wa ku Bua (wa kunyanja akuti ndi wosalala kwambiri, sugwira)
- matailosi okhakhala, oti ngakhale mlamba usaterereke
- madzi ambiri
- kuti achimwene asaimbenso lero

Katundu yense wa m'khitchini ndamutulutsa. Firiji ili pabalaza, yayang'anizana ndi wailesi ya kanema. Mapoto ali pansi pa bedi langa. Thumba la ufa wa kondowole lagona pa bedi la Amayi, ndalifunditsa chitenje kuopa mbewa. Ndikadutsa pakhomopo mtima ukuti phaa, ndikuyesa ndi iwo.

Amayi sangakhale ku Lilongwe. Ulendo watha anangokhalako pang'ono n'kukwera basi osatsanzika. Akuti kumeneko geti ndi lotseka, galu ndi womasula, munthu womupatsa moni palibe. Kuno ali ndi munda wawo wa chinangwa, anzawo a Mvano, ndi ine woti azindikalipira. Ndipo ndinene zoona, poti ndikudzilembera ndekha: nyumba ino popanda iwo sindiifuna.

Pampopi pakungotuluka mpweya. Mwina mawa.

Lachiwiri

Pampopi pouma gwaa!

Kumjigo mzere wafika pamsewu, ndipo amayi a komiti andiuza mosapsatira kuti madzi a pamjigo ndi akumwa, si omangira. Ndawathokoza mwaulemu. Mumtima ndanena zina.

Kwatsala kumtsinje. Koma madziwo tisunga muti?

Aneba anga a Nyagondwe ali ndi mgolo wachitsulo kuseri kwa nyumba. Eni ake apita kumaliro ku Dwambazi. Ndapeza amuna awo, a Mhango, atagona pamkeka pansi pa mtengo, angoweruka kumene kodula nzimbe, mwaye uli mpaka m'makutu. Ndapempha mgolo. Ayankha osatsegula maso: "Tengani, mama, yewo." Sindikudziwa ngati amva chimene ndapempha. Ndikanapempha njinga akanandipatsanso.

Mgolowo ndi wolemerera pang'ono. Pansi pake pali zakudazakuda zomata. Dzimbiri ndi matope, ndatero. Nthawi yoti ndizitsuka ndiipeza kuti? Wa kabaza wadzaza ndi zigubu maulendo angapo. Madzi a kumtsinje nawonso ndi ofiira chifukwa cha mvula ya kumtunda, ndiye zonse zangofanana.

A Saidi ayang'ana madziwo, agwedeza mutu pang'ono, kenako akuti: "Matope ochepa savuta." Ayamba kukanda simenti.

Mkangano woyamba. Akufuna kugobagoba matailosi akalewo ndi hamala kuti simenti igwire bwino. Ndaima pakhomo manja m'chiuno. Hamala ayi! Akuti ndiye aika simenti yochindikala kuti igwire ndi kulemera kwake. Ndati ikani yochindikala mmene mungathere, bola a pansiwo asamve kuwawa.

Ntchito ikuyenda. Munthuyu amaidziwa ntchito, chingwe akoka, levulo yoyezera aika, tailosi lililonse alisisita ngati mwana. Ine ndikungotunga madzi mumgolo n'kumapereka, thukuta kamukamu.

Mkangano wachiwiri, koma uwu ndi wa ife ndi chitseko. Pansi pakwera, chitseko cholowera kunja sichikutsekekanso. Chikungoguguda pa tailosi n'kuima. A Saidi achizula, achitsamiritsa ku mtengo wa mango. Akuti adzachidula m'munsi pansi pakauma.

Ndipo pakhomo lochokera pabalaza pabadwa sitepe. Sitepe! Munthu wa ndodo ziwiri adzakwera bwanji? Akuti adzaikapo kotsetsereka. Zonse ndi "adza-".

Komabe madzulo ano ndaima pakhomo n'kuyang'ana. Pakongola, abale! Mtundu wa dothi, mizere yowongoka, pokhakhala bwinobwino. Ndamwetulira koyamba chigwereni Amayi.

Lamulo la a Saidi pochoka: "Pasaponde munthu, pasaponde nkhuku, mpaka ndidzanene ine."

Khitchini yopanda chitseko, pabwalo pali nkhuku za mudzi wonse. Ndatchinga ndi mkeka, mabenchi awiri ndi wilibala.

Lachitatu

Amene alowa m'khitchini lero, popanda chilolezo:
- tambala wa a Mhango, kawiri
- thadzi ndi anapiye ake onse
- mbuzi ya eni ake osadziwika, miyendo yakutsogolo yokha
- mphaka, amene wakhala pakati penipeni n'kumandiyang'ana

Mphakayo ndamuchonderera. Kumugenda sindingathe, kumulowera sindingathe. Watuluka pa nthawi yake.

Masana ndapita kuchipatala. Amayi aang'ono ndiwo akuwadikirira, ndawapeza akupepesera moto kukhitchini ya odikirira odwala, maso ali psuu ndi utsi. Andilonjera ndi funso: "Zoti akupita ku Lilongwe n'zoona?" Nkhani yafika kale mu wodi monse. Mayi wa bedi loyandikana nalo akuti Amayi ali ndi mwayi, kumeneko kuli madzi otentha a m'bafa.

Amayi aonda. Adya nthochi imodzi, ina abisa pansi pa pilo. Andifunsa za nkhuku, za chinangwa choviika, za amene anaimba nyimbo yoyamba ku Mvano. Za khitchini osafunsa. Ndikunyamuka andigwira dzanja mwamphamvu, akuti: "Mwanawe, usandipereke. Mchimwene wakoyo ndi wabwino, koma kwakeko ndikafa ndi kukhala chete."

Ndati, "Simupita kulikonse, Amayi. Pansi pauma kale."

Bodza loyamba. Ndalinena bwino moti ndalikhulupirira mpaka pa siteji.

Nditafika kunyumba ndagwada pakhomo n'kukankha tailosi la m'mphepete ndi chala. Layenda! Pang'ono pokha, koma layenda. Ndakankhanso. Labwerera. Simenti ya m'mizere ikadali yofewa ngati chiponde.

Ndaimbira a Saidi. Akuti: "Ndi chinyezi cha kunyanja chimenecho, achemwali. Yochindikala imachedwa. Mawa mupeza mwala."

Mawa ndi Lachinayi, tsiku lovina lija.

Pali tinyerere tingapo tikuyenda m'mizere ya matailosi. Ndatisiya. Lamulo linanena za anthu ndi nkhuku.

Achimwene atumiza uthenga: "Zikuyenda?" Ndayankha: "Kwambiri." Bodza lachiwiri. Tiyi ndaphikira panja pa mbaula, ndamwera chiimire, maso ali pa mkeka wotchinga uja.

Lachinayi

Nyerere!

Si tingapo tija ayi. Mafuko onse. Zazing'ono zofiira zachokera kubafa, zakuda zachokera ku mtengo wa mango, zina zazikulu mitu sindinazionepo chibadwire. Zonse zalunjika m'khitchini mwanga, mizere yake yowongoka kuposa ya a Saidi. M'khitchini mopanda chakudya ngakhale njere ya mpunga!

Pansi sipanaume. Ndaponda ndi chidendene pakona, tailosi lamira mbali imodzi, mbali ina ladzuka.

A Saidi afika, avula kofia, akanda m'mutu, avalanso. Atola kasimenti, akufikisa pa zala. Akuti chiyambire ntchito imeneyi sanaonepo zotere. Apita kukafunsa kusitolo kumene tinagula. Abwerako: matumba anzake onse anamangira anthu ena, ndipo kwauma bwinobwino.

Ndiye vuto ndi nyumba ino.

Pofika masana pabwalo padzaza alangizi. Zimene anena:
- simenti ndi yakale
- mumchenga wa ku Bua munagona ng'ona
- alipo wakhumudwa kuti sitinamuuze za ntchitoyi
- matailosi a pansiwo akukana anzawo
- wapondapo munthu wotentha

Yomalizayi ndi ya mayi Nasimango, amene amaotcha njerwa. Akuti uvuni wawo ukayaka, iwo ndi amuna awo amagona kosiyana mpaka njerwa zipse, apo ayi zimatuluka zosapsa. Simenti nayonso ndi chimodzimodzi. Anena izi akundiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Ine? Banja langa linatha kalekale. Ndine wozizira kuposa firiji ili pabalazayo. Ndawauza choncho pamaso pa onse. Ndiye maso onse atembenukira kwa a Saidi. Bambo wamkulu, wa zidzukulu, wangoti "Astaghafirullah," n'kuyamba kufunafuna chinthu m'thumba la zida chimene sanachipeze.

Ndikanaseka. Koma kwatsala Lachisanu ndi Loweruka basi.

Nzeru yatsopano: moto. Tabwereka mbaula zinayi, tayika pa malata akale, tazikankhira mkati ndi nsungwi kuti kutentha kuumitse pansi. Ine ndakhala pakhomo n'kumapepesa ndi chivundikiro cha ndowa.

Pansi sipanaume. Koma mwayamba kununkhira. Fungo lokoma, ngati pamene shuga wapserera mu poto. Ana a sukulu odutsa pamsewu aima n'kufunsa ngati ndikugulitsa zitumbuwa.

Achimwene aimba, akufuna chithunzi. Ndasesa nyerere pakona imodzi, ndajambula msanga zisanabwerere. Aimbanso nthawi yomweyo: "Matailosi anga ali kuti?"

"Ali pansi, achimwene. Ali bwinobwino. Akupuma."

Akuti: "Tidzaona." Mawu amenewa ndimawadziwa kuyambira tili ana. Akatero ndiye kuti aona kale.

Chakudya sichikulowa.

Lachisanu

Kwabwera njuchi.

Ndadzuka ndi phokoso ngati la chigayo chakutali. Zadzaza pawindo la khitchini, zina zatera m'mizere ya matailosi, zikugwira ntchito modzipereka. Imodzi yandiluma pachikope. Diso lamanzere latsekeka.

Ndili mkati mothira madzi ozizira pa diso, ndamva mfuu kuseri: "Chiuta wane! Mgolo wane uli nkhu?"

A Nyagondwe abwerako kumaliro.

Afika pabwalo chitenje chili m'manja, amuna awo akutsatira m'mbuyo ngati mwana wopita kukalandira chilango. Asuzumira mumgolo, apeza timadzi tofiira totsalira. Akuti: "Molasesi wanga ali kuti? Munali molasesi pansi apa, wokwana ndowa yathunthu!"

Molasesi. Zakuda zotsekemera zija zimatsala akamapanga shuga kufakitale. Si dzimbiri, si matope. Ndipo ine ndinathiramo madzi, n'kumavundula ndi ndowa tsiku lonse, n'kumapereka kwa a Saidi ndi manja awiri.

Ndafunsa kuti molasesi wochuluka choncho ngwachiyani. Akuti ngwa nkhumba. A Nyagondwe alibe nkhumba. Tonse timadziwa chimene chimatuluka kuseri kwa nyumba yawo pakutha pa mwezi, m'mabotolo opanda zilembo, koma lero si tsiku lake. Atembenukira amuna awo n'kuyamba Chitumbuka chothamanga. A Mhango akungoti, "Nkhagona, mama, nkhagona."

A Saidi afika atachoka ku mzikiti, mkanjo woyera mbee. Ndawauza. Agwada pakhomo, atola kasimenti, akuika pa lilime. Atseka maso. Kenako akhala pansi pa dothi ndi mkanjo womwewo.

Akuti: "Shuga ndi simenti sizionana, achemwali. Izi ndimazidziwa bwinobwino, ndipo madziwo ndinawaona ndi maso angawa. Ndinayenera kununkhiza." Akuti apa sipadzauma ngakhale tidikire mpaka mvula ya chaka chamawa.

Sindinawakalipire. Ndikalipire ndani? Iwo sananunkhize, ine sindinatsuke, a Mhango sanadzuke.

Mayi Nasimango amva nkhaniyi, akuti komabe zija ananena zija tisazitaye.

Chochita:
- kuzula matailosi atsopano onse, kuwatsuka limodzilimodzi
- kupala simenti yonse ya shugayo
- kutsuka a pansiwo mpaka nyerere zitaye mtima
- kupeza mchenga wina, simenti ina, madzi osatsekemera
- kuyalanso mawa, kuti Lamulungu paoneke ngati pouma

A Saidi akuti ngakhale titero, Lamulungu sipadzakhala popondeka. Ndati achimwene sadzapondapo, adzangoyang'ana ali pakhomo. Ndidzaima kutsogolo kwawo. Ndidzakomoka ngati kuli kofunika.

Tayamba kuzula dzuwa litapendeka. Matailosi akungonyamuka okha, osavuta n'komwe. Zimenezi zandipweteka kuposa njuchi.

Kuchipatala sindinapite. Ndi diso ili Amayi angafunse, ndipo mabodza andithera. Ndatumiza nsomba yowamba kudzera kwa wa kabaza.

Kenako uthenga wa achimwene: "Tasintha. Tikufika mawa, tidzagona konko, Lamulungu tidzawatenge kuchipatala limodzi."

Mawa!

Ndawerenga ndi diso limodzi, ndawerenganso. Mawu ake sanasinthe.

Loweruka

Tayamba kusanache bwino. A Saidi ndi fosholo, ine ndi mpeni wakale, a Mhango ndi khasu poti akazi awo awalamula. A Nyagondwe nawonso abwera ndi chikolopa. Sakundilankhula, koma akukolopa. Mulungu awadalitse ndi nkhumba zenizeni.

Simenti ya shuga ndi chinthu choipa. Siuma, koma kuchoka sifunanso. Ikumata ku fosholo, ku mapazi, ku tsitsi. Wilibala ikatuluka, njuchi zikuiperekeza mpaka kudzala.

Pampopi patulukira madzi! Lero! Sabata yonse kuli zii, lero ndiye akuthamanga ngati atumidwa. Ndawatukwana, kenako ndatchera ndowa zonse.

Matailosi a achimwene ayamba kuoneka. Oyera, onyezimira, ndipo tsopano ali ndi mikwingwirima ya fosholo ponseponse. Ndikudziuza kuti tikwiriranso, sadzaona.

Kenako khasu la a Mhango lati khoo! Pakati penipeni. Mng'alu wayenda matailosi atatu. Tonse taima. A Mhango ayang'ana khasu lawo ngati lachita zimenezi palokha.

Ndati palibe kanthu, tiyeni, tithire madzi ndi sopo, titsuke msanga, a Saidi ayambe kuyala. Tathira. Sopo, madzi, ndi molasesi wotsalira, pamwamba pa matailosi oterera kale aja. A Nyagondwe atuluka chokwawa.

Ndi nthawi imeneyo galimoto yaima pabwalo. Ndimayesa afika madzulo. Afika dzuwa lili pamutu.

Zimene achimwene aona potsika:
- chitseko chili ku mtengo wa mango
- matailosi atsopano ayanikidwa pa udzu ngati usipa
- mulu wa simenti wokutidwa ndi njuchi
- mlongo wawo wa diso limodzi, mpeni uli m'manja

Alamu atsala m'galimoto, akweza galasi. Achimwene sanapereke moni. Nsapato zakuda zopukuta bwino, lunjiii kukhitchini. Ndakuwa: "Achimwene, musalowe!" Koma iwo ndi munthu woti mlongo wawo angawauze pomwe asaponde?

Phazi loyamba. Lachiwiri silinafike pansi.

Chagada! Pamalo pomwe anagwera Amayi.

Palibe waseka. A Saidi ayang'ana kumwamba. A Nyagondwe athamangira kuseri kwa nyumba, ndipo tamva akutsokomola nthawi yaitali. Ine ndimaganiza za chikhakha chachiwiri. Koma adzuka okha, akana dzanja langa, atuluka chogwira khoma, thalauza lonse lili nyaa kumbuyo.

Ndipo ine, chitsiru, ndinayamba kuyembekezera. Ndimati tsopano amva okha m'thupi mwawo. Tsopano anena kuti vuto si mlongo wawo.

Aima pakhomo, ayang'ana mng'alu uja nthawi yaitali. Akuti: "Longedza katundu wa Amayi."

Ndagwada pa dothi pomwepo, pamaso pa aneba. Chibadwire sindinawayankhepo, koma lero pakamwa patseguka pokha. Ndati: "Achimwene, matailosi anuwa ndiwo anagwetsa Amayi. Agwetsanso inu. Ine ndimafuna kukonza. Ndipatseni sabata imodzi yokha."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Ayankha motsitsa: "Wanena zoona, ndi oterera. Ndagwa ine wa miyendo iwiri. Ndiye ukufuna mawa ndilowetse muno munthu wa mwendo umodzi? Khitchini ilibe chitseko, pabalaza pali firiji, pabwalo pali njuchi. Ukanakhala iwe ukanatani?"

Ndadzuka, ndasasa fumbi m'mawondo.

Agona kunyumba ya alendo pa Dwangwa. Akuti muno mulibe pogona, ndipo apanso sananame.

Thumba la ufa ndalichotsa pa bedi la Amayi. Ndapinda zitenje zawo, malaya a Mvano, juzi poti ku Lilongwe kumazizira. Ndasankha kachikwama kakang'ono dala.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite.

Amayi atuluka m'mawa. Galimoto yadzera kuno kudzatenga katundu. Iwo sanatsike, mwendo wa chikhakha autambasulira pa mpando wakumbuyo, ndodo zili pambali. Ayang'ana chitseko ku mtengo, ayang'ana diso langa. Akuti: "Ndiye kuuma kwake n'kumeneku?"

Ndati, "Pepani, Amayi."

Akuti amva zonse kuchokera kwa wa kabaza, mu wodi anthu aseka mpaka anamwino kubwera kudzaletsa. Iwonso aseka pang'ono pondiuza. Kenako asiya.

Anzawo a Mvano abwera atavala zoyera, kuchokera kutchalitchi. Azungulira galimoto, aimba ndime imodzi, apemphera. Mayi Nasimango abweretsa mpunga m'kathumba. A Nyagondwe apereka botolo lokulunga m'nyuzipepala, akuti ndi mankhwala opaka pa mwendo. Alamu alilandira ndi zala ziwiri.

Achimwene auza anthu onse kuti ndi za kanthawi chabe, mpaka chikhakha chichoke. Ndawapatsa kachikwama kaja. Alowa okha m'nyumba, atuluka ndi sutikesi yaikulu. Abwereranso, atuluka ndi matiresi a Amayi, awamangirira pamwamba pa galimoto. Wochoka kanthawi chabe sanyamula matiresi. Amayi amva chingwe chikukokedwa pamwamba pa mutu wawo.

Andiitana pawindo. Akuti chinangwa cha kumunsi kwa munda ndikumbe chisanalowe madzi, cha kumtunda ndisiye. Thadzi lija ndisaphe. Ndizidya. Andigwira patsaya, pafupi ndi diso lotupali, akuti: "Unayesetsa, mwanawe. Ndaona."

Ndimafuna kunena zambiri. Ndangoti, "Muyende bwino."

Galimoto yatembenuka pa mtengo wa mango, yapita. Ndalira, osabisa, pamaso pa Mvano wonse.

Anthu abalalika. Nyerere nazonso zachepa, zatha nazo ntchito. Ndakhala pakhonde osachita kanthu.

Chakumadzulo a Saidi afika ndi ndowa yatsopano, pepala la kusitolo likadali pomwepo. Atunga madzi pampopi, anunkhiza, alawa, andipatsanso ine kuti ndilawe. Madzi enieni. Akuti mchenga wina ubwera mawa m'mawa, ndipo ulendo uno, akagwira usana wonse osapuma, pofika Lachitatu pakhala pouma.

Ndawauza kuti agwire pang'onopang'ono, asadzipweteke. Palibenso chothamangira.